Za mgwirizano wokonza sikimu yathu ya ulimi wothirira: muyambe ndi mapepala a malo

Madzi ayambanso kuyenda m'ngalande zathu, koyamba chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiye ndati ndilembe kuti anzathu a m'masikimu ena kuno ku Mulanje asadutse momwe tadutsamo ife.

Freddy anakokolola potengera madzi pathu, ngalande zonse n'kudzaza mchenga ndi miyala yochokera m'phiri. Ndi makasu sitikanatha. Esiteti ina ya tiyi yoyandikana nafe inavomera kubwereketsa makina okumbira ndi kuthandizapo simenti, koma inati siigwira ntchito ndi gulu lapakamwa chabe. Inati boma lijambule pulani, ife tikhale WUA (bungwe la ogwiritsa ntchito madzi) yolembetsedwa, yokhala ndi malamulo ake, komiti ndi akaunti ya kubanki. Alangizi anatithandiza, zimenezo zinayenda.

Chimene chinandiwawa ndi ofesi ina yomwe inayenera kusayina mgwirizanowo. Tinasonkherana ndalama ya kabaza ndi minibasi, ine ndi amayi asungichuma tinalawira m'mamawa osadya kanthu. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenako mnyamata wina n'kudzatiuza kuti, "Abambo, bwana ali ku msonkhano, mubwere sabata yamawa." Titabwereranso, akuti palibe kalata yosonyeza kuti eni minda yomwe ngalande ikudutsamo avomereza. Bwanji osanena tsiku loyamba lija? Ndalamazo ndi za anthu ogulitsa tomato ndi nthochi pamsewu, ena amasiye. Apo n'kuti esiteti ikutiuza kuti mvula ikangoyamba makinawo abwerera kukakonza misewu ya m'minda ya tiyi.

Choncho yambani ndi malo. Mwini munda aliyense asayine kapena adinde chala, amfumu ndi agulupu aike chidindo, mujambulitse makope angapo. Musachoke pakhomo popanda mapepala amenewa.

Ndaiwala kunena za chilolezo cha madzi. Lamulo la madzi la 2013 limafuna kuti wopatutsa madzi mumtsinje akhale ndi chilolezo cha National Water Resources Authority, ndipo chimalipiridwa. Esiteti inafunsa chimenechi isanatulutse makina, popeza nayonso imatunga mumtsinje womwewo. Mugwirizane papepala za kagawidwe ka madzi mu Okutobala ndi Novembala, pamene mtsinje umaphwera.

China chimene tinalimbana nacho ndi ngalande zotayira madzi. Aliyense amakamba zobweretsa madzi, wokamba zowachotsa panalibe, chonsecho kuno mvula ndi yambiri ndipo minda ya kumunsi imasanduka dambo, chimanga n'kuchita chikasu. Ndinakana kusayina mpaka analemba mumgwirizanomo kuti ngalande yaikulu yotayira izikumbidwa ndi makina a esiteti mvula isanagwe, zing'onozing'ono tizilambula tokha m'mabuloko (zigawo za sikimu yathu), ndipo mainjiniya aboma azibwera kudzayendera. Ena mukomiti anati ndikuchedwetsa zinthu, koma munda wa mayi anga uli kumunsi komweko.

Ndibwerezenso, makalata a eni minda okhala ndi chidindo cha amfumu mukhale nawo m'chikwama ulendo uliwonse, ndipo muziyamba mwaimba foni kufunsa ngati wosayinayo alipo musanalipire kabaza.