Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kalata yochotsedwa ntchito ndi ulendo wa ku leba

M'gawo lapitali tinalekezera pomwe kampani ina muno mu Lilongwe inandichotsa ntchito nditayamba kuyendera ndodo. Lero ndifotokoze zoyenera kuchita ukalandira kalata yotero, chifukwa anzathu ambiri aulumali mlandu umawathera pakhomo pa bwana pomwepo.

Musasainire kalata yoti mwasiya nokha ntchito. Amakubweretserani yolembalemba, cholembera chili pambali, n'kumati "zithandiza kuti ndalama zanu zituluke msanga." Mukasaina, ku khoti mudzayamba mwavutika kusonyeza kuti anakukakamizani. Akakuchotsani okha, gawo 61 la lamulo la Employment Act la 2000 limati bwana ndiye apereke chifukwa. Gawo 57 likuti chifukwacho chikhale chomveka, chokhudza kagwiridwe kanu ka ntchito, khalidwe lanu kapena zofunika pa kampani, ndipo pa ziwiri zoyambazo ayambe wakumvani mbali yanu. Ulumali paokha si chifukwa. Kujomba kwakanthawi kamba ka matenda kapena kuvulala nakonso si chifukwa.

Dandaulo limapita kwa ofisala wa leba wa m'boma lanu pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe anakuchotsani. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Abwana amangoti "bwerani mawa, tikambirana," mawa lomwelo mpaka miyezi itatha. Nyamulani kontirakiti, mapeyisilipi, kalata yokuchotsani, zikalata za dokotala ndi mauthenga a pa WhatsApp pomwe munapempha zinthu ngati kusamutsira desiki yanu pansi chifukwa cha masitepe. Zonse mupange fotokope, zenizenizo zikhale kunyumba.

A leba akalephera kukuyanjanitsani m'mwezi umodzi, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pantchito la Industrial Relations Court, lomwe lilinso kuno ku Lilongwe. Khotilo likhoza kulamula kuti mubwerere pa ntchito kapena mulandire chipepeso. Chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse ngati munagwira zaka zosapitirira 5, masabata 2 mpaka zaka 10, masabata 3 mpaka zaka 15, ndi mwezi wathunthu kupitirira apo. Kwa ine n'zochepa ndithu kwa munthu amene kupeza ntchito ina n'kovuta chonchi, n'chifukwa chake muzisunga makalata onse ofunsira ntchito omwe mwalemba chichotsedwereni, oweruza aone kuti simunangokhala. Amene alibe ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama pa milandu.