Michael Faraday ndi mawaya a mkuwa a amalume anga

Pampu yokweza madzi m'thanki ya pakhomo pathu ku Chilenje, mu mzinda wa Lusaka, inapsa m'chilimwe cha 2024, chaka chimene mvula inakana ndipo madzi a m'damu la Kariba, kumene kumapangidwa magetsi, anatsika kwambiri, kotero kuti masiku ena magetsi ankasowa kwa maola oposa 20. Usiku wina magetsi atabwera mwadzidzidzi, pampuyo inang'ung'udza pang'ono ngati ikufuna kuyamba, kenako inangoti zii, ndipo m'mawa mwake pamalopo pankamveka fungo la chinthu chopserera. Ndinaimasula n'kupita nayo ku Garden, dera lina la mumzindawu, kumene amalume anga, mlongo wawo wa amayi, akhala akukonza mamota kwa zaka zambiri m'kashedi ka malata, pakati pa anzawo owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo.

Atatsegula motayo, mawaya a mkati anali atada bii ngati makala. Amalume sanafulumire kuwazula. Anadula mpukutu umodzi ndi chizulo, n'kuyamba kuwerenga timawaya take kamodzikamodzi, milomo ikugwedezeka, ndipo atamaliza analemba chiwerengerocho ndi choko pa chitseko. Anayesanso kunenepa kwa wayayo, ndipo pambuyo pake anayamba kukulunga waya watsopano wa mkuwa pa kathabwa kamene anadzisemera okha, n'kumalowetsa mipukutuyo m'mipata ya chitsulo atayalamo kaye timapepala toteteza kuti mkuwa usakhudzane ndi chitsulocho. Ndinawafunsa kuti, "Kodi amalume, kuwerenga konseku n'kwa chiyani?" Iwo anayankha osadzutsa mutu kuti, "Ukaphonya chiwerengero, mwanawe, mota idzatentha ngati mbaula." Amalume analekezera sukulu giledi 7 kwathu ku Katete, ndipo dzina la Michael Faraday, wasayansi wa ku England, anali asanalimvepo, koma zonse zimene manja awo ankachita tsiku limenelo zinayambira pa benchi la munthu ameneyu, amenenso sanapite patali ndi sukulu.

Faraday anabadwa pa 22 September 1791 ku Newington Butts, dera limene lero lili mkati mwa mzinda wa London. Bambo ake anali mmisiri wosula zitsulo, koma chifukwa chodwaladwala ankalephera kugwira ntchito mokwanira, ndipo banjalo linkakhala movutika. Ku sukulu mnyamatayu anangophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu oyambirira. Ali ndi zaka 13 anayamba kutumidwa kukapereka manyuzipepala kwa makasitomala a George Riebau, munthu amene ankagulitsa ndi kusoka mabuku, ndipo mu 1805 anamulandira kuti aphunzire ntchito yosoka ndi kukuta mabuku kwa zaka 7. Apa ndiye pamene moyo wake unakhotera. Mabuku amene anthu ankabweretsa kuti awaikire zikuto, iye ankayamba wawawerenga, ndipo nkhani ya magetsi imene anaipeza mu Encyclopaedia Britannica inamukopa kwambiri moti anayamba kudzipangira tizipangizo toyesera ndi mabotolo akale. Ine ndimaona kuti Riebau sitimutamanda mokwanira, pakuti mabwana ambiri amene ndikuwadziwa akanamulanda bukulo mnyamatayo n'kumuuza kuti sanabwere kudzawerenga.

Mu 1812 kasitomala wina anamupatsa matikiti okamvetsera Humphry Davy, katswiri wa sayansi ya mankhwala amene ankaphunzitsa anthu ku Royal Institution, malo ofufuzira ndi kuphunzitsira sayansi ku London. Faraday analemba zonse zimene anamva, anajambula ndi zipangizo zomwe, n'kusoka mapepalawo kukhala buku la masamba oposa 300, ndipo analitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Umenewu ndiwo unali satifiketi yake. Mu March 1813, wantchito wina wa mu labotale atachotsedwa chifukwa cha ndewu, Faraday analowa m'malo mwake ali ndi zaka 21, ndipo ntchito yake inali kutsuka mabotolo ndi kukonzera abwana ake zipangizo.

Chaka chomwecho, mu October, Davy ananyamuka ulendo wa ku France, Italy ndi Switzerland, umene unatha mu April 1815, ndipo anamutenga Faraday. Popeza wantchito wosamalira zovala za Davy anakana kupita, ntchito imeneyo inagweranso Faraday, ndipo mkazi wa Davy ankamutenga ngati wantchito wamba wa pakhomo, woyenera kudya ndi antchito anzake ndiponso kukhala kunja kwa ngolo pa ulendo. Aliyense amene analeredwapo pakhomo pa wachibale wolemera kuno ku Lusaka akudziwa kuwawa kwa zimenezi. Komabe pa ulendo womwewo anaonana ndi André-Marie Ampère ku Paris ndi Alessandro Volta ku Milan, anthu amene maina awo timawatchula tsiku ndi tsiku osadziwa, tikamanena za ma amp ndi ma volt.

Mu 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti magetsi akamadutsa m'waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imapatuka. Akatswiri ambiri anayamba kulimbana ndi nkhaniyi, koma mu September 1821 Faraday ndiye anapanga chinthu chimene chinali chisanaonekepo. Anaimika maginito pakati pa kapu yokhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chinkakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi, ndipo analendewetsa waya kuchokera pamwamba kuti nsonga yake imire m'kapumo. Atalumikiza batire, wayayo anayamba kuzungulira maginitoyo osaima. Kachipangizoka sikakanatha kutunga ngakhale kapu imodzi ya madzi, koma ndiko kholo la mota ya pampu yanga, ya chigayo, ya fani ndi ya firiji. M'malo mwa chisangalalo, chinatsatira ndi mkangano, chifukwa William Wollaston, mnzake wa Davy, anali atayesapo zofananako koma osaphula kanthu, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti wantchito uja waba nzeru za akuluakulu. Davy yemweyo anatsutsa zoti Faraday alowe m'bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, ngakhale kuti mu 1824 anasankhidwabe. Kwa zaka zingapo pambuyo pake anamupatsa ntchito yotopetsa yoyesa kupanga magalasi abwino a zoonera kutali, ndipo anabwereranso ku magetsi ndi mtima wonse Davy atamwalira mu 1829.

Funso limene linkamusowetsa tulo linali lakuti, ngati magetsi amabala mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Iye ndi ena anayesapo kangapo, kuika maginito amphamvu pambali pa waya n'kumadikira, koma palibe chimene chinkachitika. Pa 29 August 1831 anatenga mkombero wachitsulo wa mainchesi 6 m'mimba mwake, n'kukulungapo mipukutu iwiri ya waya wa mkuwa, wina mbali iyi, wina mbali inayo, yosakhudzana. Nthawi imeneyo kunalibe waya wokutidwa kale ngati amene amalume amagula m'sitolo, choncho iye ankalekanitsa mawayawo ndi ulusi ndi nsalu, mzere ndi mzere, ntchito yofuna zala za munthu amene anazolowera kusoka mabuku. Mpukutu umodzi anaulumikiza ku batire, winawo ku waya wodutsa pamwamba pa singano ya kampasi. Atangolumikiza batire, singanoyo inagwedezeka, kenako inabwerera pamalo pake ngakhale kuti magetsi anali akuyendabe. Atadula, inagwedezekanso, koma molowera mbali inayo.

Munthu wina akananena kuti chipangizocho chalephera, chifukwa singanoyo sinakhalitse pamene inapita. Faraday anaona kuti yankho linali m'kugwedezeka kwa kanthawi kochepako, ndiko kuti chimene chimabala magetsi si kukhalapo kwa maginito ayi, koma kusintha kwa mphamvu yake. Mu October chaka chomwecho anatsimikiza zimenezi polowetsa ndi kutulutsa maginito m'kati mwa mpukutu wa waya, ndipo singano inkayenda pokhapokha maginitoyo akamayenda. Mwezi usanathe anazungulitsa chimbale cha mkuwa pakati pa nsonga ziwiri za maginito aakulu, ndipo magetsi anatuluka mosalekeza. Mkombero uja ndiwo thiransifoma yoyamba, ndipo chimbalecho ndicho jenereta yoyamba. Ku America, Joseph Henry anapeza zofanana payekha pa nthawi yomweyo, koma Faraday ndiye anayamba kufalitsa zimene anapeza.

Amene tinakulira kumudzi tinazionapo zimenezi pa njinga ya kapalasa yokhala ndi dayinamo, imene nyali yake imawala kwambiri munthu akamapalasa mwamphamvu, n'kuzima akangoima. Ku Kariba ndi ku Kafue Gorge kumachitika zomwezo, kungoti wopalasa ndi madzi. Madziwo amatsika ndi mphamvu m'mipope ikuluikulu n'kukankha mapiko a makina, makinawo n'kuzungulitsa maginito m'kati mwa mipukutu ya mkuwa. Mathiransifoma amakweza magetsiwo kufika pa ma volt 330,000 kuti ayende mtunda wautali osatayika kwambiri m'njira, ndipo ena amawatsitsa pang'onopang'ono mpaka afike pa 230 amene amalowa m'nyumba zathu. N'chifukwa chake mvula ikavuta kumtunda kwa Zambezi, mdima umagwa ku Matero ndi ku Kabwata: wopalasa uja watopa, ndipo maginito amene aima sabala kanthu. Majenereta amene ankalira usiku wonse m'misewu yathu chaka chimenecho ankangosintha wopalasa, kuchotsa madzi n'kuikapo dizilo kapena petulo. Zimandidabwitsanso kuti mkuwa, umene dziko lathu lakhala likukumba ku Copperbelt kwa zaka pafupifupi 100, umafunidwa chotere pa dziko lonse makamaka chifukwa cha mawaya amene ntchito ya munthu ameneyu inawatsegulira njira.

Zina zimene anachita n'zambiri, ndipo sindingazitsate zonse. Mu 1823 anasandutsa mpweya wa chlorine kukhala wamadzimadzi, mu 1825 anatulukira mankhwala amadzimadzi otchedwa benzene, ndipo mu 1836 anamanga chipinda chokutidwa ndi zitsulo n'kukhalamo iye mwini pamene kunja kwake kunkathetheka magetsi, pofuna kusonyeza kuti mphamvuyo imayenda kunja kokha osalowa mkati. Ichi n'chifukwa chake munthu amene ali m'galimoto yachitsulo yotseka amatetezeka mphezi ikagwa. Ngakhale magalasi otopetsa aja sanapite pachabe, pakuti mu 1845 anagwiritsa ntchito chidutswa chimodzi cha iwo posonyeza kuti maginito amakhudza kuwala.

Chimene ndimabwererako kawirikawiri ndi kusadziwa kwake masamu apamwamba. Popeza sakanatha kulemba maganizo ake m'manambala, ankaganiza m'zithunzi. Ankawaza fumbi la chitsulo pa pepala limene pansi pake panali maginito, n'kumayang'ana mizere yokhota imene fumbilo linkapanga, ndipo anafika ponena kuti mizereyo ndi yeniyeni, yodzaza malo onse ozungulira maginito. Akatswiri ambiri a masamu ankaona maganizo amenewa ngati a munthu wosaphunzira. Anadzamuombola ndi James Clerk Maxwell wa ku Scotland, amene anabadwa mu 1831, chaka chomwe cha mkombero uja, ndipo pofika mu 1865 anali atasandutsa mizere ya Faraday kukhala masamu amene pambuyo pake anatsogolera ku wailesi. M'kashedi ka amalume muli maginito a sipika yakale amene amakanikizirapo timisomali kuti tisasowe, ndipo fumbi lochokera ku galainda ya owotcherera oyandikana nawo lawamera ngati ndevu, litaima m'mizere yomweyo imene Faraday ankajambula.

Faraday sanalembetse chilichonse mwa zimene anatulukira kuti chikhale chake chokha chopezerapo ndalama, ndipo kawiri konse anakana kukhala pulezidenti wa Royal Society. Anali wa mpingo waung'ono wotchedwa Sandemanian, umene unkaphunzitsa kuti Mkhristu asamaunjike chuma, ndipo mkazi wake Sarah Barnard, amene anakwatirana naye mu 1821, anali wa mpingo womwewo. Chimene sanatope nacho ndi kuphunzitsa ana pa nyengo ya Khirisimasi ku Royal Institution, mwambo umene anauyambitsa mu 1825 ndipo ukuchitikabe mpaka lero. Kuyambira cha mu 1839 anayamba kuvutika ndi kuiwalaiwala, ndipo mwina n'chifukwa chake ankasamala kwambiri zolemba zake za mu labotale, zimene ndime zake anaziika manambala mpaka kupitirira 16,000. Mu 1858 Mfumukazi Victoria inamupatsa nyumba ku Hampton Court, kumene anamwalirira pa 25 August 1867, ndipo anaikidwa m'manda a Highgate ku London.

Nditabwerera ku Garden patapita masiku atatu, ndinapeza mota yanga ili padzuwa pamwamba pa njerwa, vanishi atauma, mawaya akunyezimira mofiirira. Ndinawafotokozera amalume za mkombero wa 1831 ndi za ulusi ndi nsalu zija, ndipo iwo anamvetsera akumanga mabawuti, kenako anandifunsa kuti mzunguyo anakulunga mizere ingati mbali iliyonse. Tinadikira mpaka madzulo kuti magetsi abwere, koma sanabwere, choncho anakabwereka jenereta kwa mnzawo wowotcherera mageti. Pampuyo inazungulira bwinobwino, ndipo amalume anaika dzanja pa chitsulo chake kwa nthawi yaitali ndithu, akumvetsera ngati ikutentha, asanandilole kuti ndiinyamule.