Ulendo wa ku Bremerhaven ndi ntchafu ya Atcheya

Inu amene munatsala munamva kale za nkhuku ija, koma munamva zokhotetsa. Mverani kwa ine amene ndinanyamula poto.

Tinafika ku Bremerhaven, mzinda wa padoko ku Germany, tili anthu 12, mphepo ikuwomba ngati mwera. Amayi Msungichuma anali atakazinga nkhuku ziwiri usiku wake. Titakhala padoko kuti tidye, Atcheya anaimirira kupemphera, maso atatsinzina, ntchafu ili m'manja (anaitenga liti, musandifunse). Imodzi mwa mbalame zoyera za kunyanja zija inangotsika, tsompho! "Ameni" anayankha ndi ana okha, enafe misozi ili mbwee ndi phwete. Atcheya akuti ntchafuyo ankasungira Amalume. Amalume akuti yawo anadyeratu m'sitima. Mlanduwu tidzaukamba pamsonkhano.

Chimene tinapitira ku Deutsches Schifffahrtsmuseum, nyumba yosungira zakale za zombo, ndi chombo chamalonda cha m'ma 1380, cha mamita 23, chimene anachipeza mu 1962 m'matope a mtsinje wa Weser pokuza doko la Bremen. Pokhoma zombo, a Viking, amalinyero akale a kumpoto kwa Ulaya, ankasanjikiza matabwa m'mphepete ngati malata padenga, pomwe a ku Mediterranean ankawagundanitsa ngati a chitseko. Chombo ichi chili ndi zonse ziwiri: pansi ogundana, pa phwatalala, kuti madzi akaphwa chikhale pamatope osapendekeka, m'mbali osanjikizana, misomali yopindidwa kawiri kubwerera m'thabwa.

Amalume, amene anakulira pogoba ndi kukhoma maboti ku Nkhotakota, anayamba ndi mwano. "Mmisiri ameneyu anasintha maganizo ntchito ili pakati," anatero. Kenaka anafunsa kuti thonje ndi phula zili pati. Wotiperekeza anawaonetsa kuti m'mipata ankakanikizamo ndere zouma, pamwamba n'kuikapo kamtengo kopyapyala kogwidwa ndi tizitsulo. Amalume anawerama, magalasi pamphuno, chala chikuyenda m'malere kutsata mzere wa matabwa. Anakhala duu mphindi zingapo. Inu mukuwadziwa Amalume. Ndi liti anakhalapo chete? Pobwerera anajambula chombo chonse kuseri kwa tikiti yanga, ine n'kumaisaka m'matumba.

Zikomo Amayi Msungichuma, zikomo Alembi potiwerenga pa siteshoni iliyonse ngati mbuzi, ndi achinyamata amene munamasulira Chijeremani, ngakhale mwina munkawonjezera zanu. Amene anatenga chivundikiro cha poto wanga abwere nacho Loweruka.