Mashini ochapira sanabwerebe, ati owanyamula kulibe

Abale anga amene muli ku UK kuno, ngati firiji, kukala kapena mashini anu ochapira akugwirabe ntchito muziwasamala ngati dzira ndithu, chifukwa akafa panopa mudikira mpaka kutopa. Anga anafa mu Seputembala 2021, anangolira mwachilendo ali mkati mofinya zovala kenako zii, madzi ali thoo mkatimo. Bambo wokonza atabwera anati kapsa ndi kabodi ka magetsi kamene kamayendetsa zonse, ndipo masiku ano timabodi timeneti tikusowa, bola kungogula ena. Ndinagula pa intaneti tsiku lomwelo, ndalama anadula pompo, tsiku lobweretsa anandipatsa. Ndinapempha mnzanga tisinthane shifiti kuti ndikhale pakhomo, ndinatulutsa akalewo pakona paja nkukolopapo bwinobwino, madzulo ndikungoona meseji ati pepani tasintha tsiku. Pano tili mu Novembala 2021 akungosinthabe.

Wina anena kuti aaa mayi inu, si munakula mukuchapa pamanja? Zoona, kuchapako si nkhani. Vuto ndi kuyanika. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, yunifomu imafunika kuchapidwa ndi madzi otentha kwambiri ukangoweruka chifukwa cha Covid, nde ndimafika usiku miyendo ili bwaa nkugwada pa bafa kuyamba kufikisa, kufinya mpaka manja kuwawa, kenako kuyanika pa hita. Dzuwa kuno nthawi ino musaliwerengere, 4 koloko kwayamba kale kuda. Mawindo amachita thukuta, pakona pa chipinda cha ana payamba chuku, ndipo wamng'onoyu chifuwa chake sichifuna chinyontho. Zofunda ndi matawulo ndimapita nazo kochapitsa kolipira, mapaundi akungotha pang'onopang'ono pomwe ndalama ya mashini ndinapereka kale.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi pamene ndinaimba foni kusitoloko. Mtsikana amene anayankha, waulemu wake, anandiuza mosabisa kuti mayi mashini anu alipo, analowa m'dziko muno, ali mu kontena padoko, koma woti akawatenge kupita nawo ku weyahausi palibe. Katundu ali pompano koma wayenda ulendo wautali wa panyanja nkudzakanirira pa mtunda woti thiraki imayenda tsiku limodzi.

Zambiri za m'nyumbazi sizipangidwa kuno, zimachokera ku Turkey, ku Poland, ku China, ndipo zapanyanjazo zambiri zimatsikira pa Felixstowe, doko lalikulu la makontena m'dziko muno. Mu Okutobala 2021 padokopo panadzaza moti kampani ya Maersk inayamba kukhotetsa sitima zake zikuluzikulu kupita nazo kumadoko ena a ku Europe, chifukwa makontena amangounjikana opanda owachotsa. Chaka chonsechi chakhala chovuta, mukukumbuka chisitima chija Ever Given chinapingasa ngalande ya Suez mu Malichi pafupifupi sabata yathunthu, icho chomwe chinadzafika pa Felixstowe mu Ogasiti. Ku China nako madoko ena ankatsekedwa kukapezeka Covid. Mtengo wonyamulira kontena imodzi kuchoka ku China kubwera ku Europe unadutsa madola 10,000 mu 2021, kale zinali zosayandikira nkomwe pamenepo.

Koma zanyanjazo tizisiye, nkhani yanga ndi madalaivala. Bungwe la eni mathiraki la Road Haulage Association linati mu 2021 dziko lino linkaperewera madalaivala pafupifupi 100,000. Zifukwa zake timazimva tsiku ndi tsiku pa wailesi. Brexit, kutuluka kwa UK mu mgwirizano wa mayiko a ku Europe, itatseka khomo kumapeto kwa 2020 ambiri a ku Poland, Romania ndi kwina anabwerera kwawo osabweranso. Nthawi ya lockdown mayeso a laisensi ya thiraki anaima, mayeso ngati 30,000 sanachitike. Amene atsala ambiri ndi achikulire a zaka za m'ma 50, akupuma ntchito, achinyamata sakulowamo. Zotsatira zake tonse taziona, kampani ya malo odyera ya Nando's inatseka malo ake ena mu Ogasiti 2021 nkhuku zitasowa, mashelefu m'masupamaketi ali mbee, kenako kumapeto kwa Seputembala mizere ya petulo ija mpaka asilikali anayamba kuyendetsa matanka a mafuta mu Okutobala. Anzanga ena oyendera okalamba m'makomo analephera kufika kwa anthu awo chifukwa galimoto ilibe mafuta, gogo akudikira womusambitsa ndi kumupatsa mankhwala. Zimenezija zinandikhudza kuposa mashini angawa.

Ine mawu oti madalaivala akusowa sindigwirizana nawo kwenikweni. Anthu a malaisensi alipo, boma lomwe linalemba makalata pafupifupi 1 miliyoni kwa anthu amene ali ndi laisensi kuwapempha abwerere pamsewu. Nde funso nkumati anachokeranji? Munthu amachoka pakhomo Lolemba kubwera Lachisanu, kugona m'kabini m'mbali mwa msewu, posamba palibe, chimbudzi mpaka apemphe ndipo malo ena otsitsira katundu amawakaniza. Mu Disembala 2020 France itatseka malire, madalaivala masauzande anadyera Khirisimasi m'mathiraki ku Kent, ena atawaunjika pabwalo lakale la ndege la Manston. Munthu amene anaona zimenezo mukamuitana lero ndi viza ya miyezi yochepa, abwera? Boma linatulutsa maviza 5,000 koma amene anafunsira ndi ochepa zedi, ine sindinadabwe. Chinanso chimene boma linachita mu Julaye 2021 ndi kuloleza kuti dalaivala aziyendetsa maola ochulukirapo, munthu wotopa kale kumuwonjezera ntchito, pamsewu womwewo pamene tikuyenda ndi ana athu.

Mwina zikundikhudza chonchi chifukwa amalume anga ndi a pathiraki, ayenda njira ya Beira ndi ya Dar es Salaam kuyambira ine ndili ku pulayimale. Tili ana timangoona zosangalatsa, akabwera ndi mpunga ndi zitenje, sitimadziwa kuti agona masiku pa boda ya Mwanza kapena pa Songwe kudikira mapepala, kuphika nsima pa kambaula pansi pa thiraki, udzudzu ukuwadya, alawansi itatha kalekale. Pano msana unawapweteka, akatsika m'kabini amayamba aima kaye atagwira m'chiuno. Ndipo taonani, sabata zomwezo ife tili pamzere wa petulo kuno, kumudzi ku Malawi nakonso madalaivala a mathiraki anali pa sitalaka kudandaula za malipiro, mafuta nkusowa m'mafiling'i siteshoni. Mayiko awiri otalikirana chonchi, olemera ndi osauka, koma onse amamukumbuka dalaivala tsiku limene waimika galimoto basi.

Nde ine ukali wanga suli pa anyamata amene adzagogode pakhomo pano atanyamula chimashini cholemera kukwera nacho masitepe. Akadzafika ndidzawafunsa ngati akufuna tiyi ndi kuchimbudzi ndisanafunse china chilichonse. Amene ndikuwadandaula ndi amasitolo amene akutenga ndalama za anthu nkulonjeza tsiku akudziwa bwinobwino kuti thiraki alibe. Nenani zoona poyamba kuti mayi zitenga miyezi, munthu aone chochita. Inu amene mukufuna kugula, funsani kaye ngati chinthucho chili mu weyahausi mwawo kapena chikadali m'njira, ndipo ngati mungapeze chogwiritsidwapo kale ntchito pafupi nkupempha m'bale wa vani akunyamulireni, chitani zimenezo. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu wandiuza kuti ndizikachapa kwawo Loweruka, Mulungu amudalitse.

Amalume aja ndinawatumizira voice note pa WhatsApp kuwafotokozera zonsezi, ndinawauzanso kuti maviza aja amafuna a malaisensi a ku Europe, iwo sangalowe nawo. Anayankha ali ku Tete, injini ikumveka kumbuyo, ati mphwanga ngakhale akanandilola ine ndatopa, ndikungofuna ndimalize nyumba ndipume. Mwana wawo wamwamuna wangolemba kumene Folomu 4 ndipo akulimbikira kuti akufuna laisensi ya thiraki, iwo akukana kwamtuwagalu, ati bola apite akaphunzire zowotcherera.