Bourbon County Stout, mowa wosafuna phuma

Amene munazolowera Guinness kapena stout ya Carlsberg, iyi ndi nkhani ina. Bourbon County Stout amafulula ndi a Goose Island ku Chicago, ndipo mowa ukapsa sauthira m'mabotolo pompo ayi, amautsanulira m'migolo yamatabwa yomwe munali bourbon n'kuusiya miyezi yambirimbiri ukhwime momwemo. Bourbon'yo ndi wisiki wa ku America, chimanga chake sichichepera 51 peresenti, ndipo lamulo lakwawo limati mgolo uzikhala watsopano, wa mtengo wa oak, wowaulidwa ndi moto mkati, ndiye ukangogwira ntchito kamodzi basi sangathiremonso bourbon, m'pamene ofulula mowa amaugula. Anayambitsa zimenezi ku Goose Island ndi Greg Hall m'zaka za m'ma 1990.

Mu tambula ndi wakuda bii, ngakhale muyike ku dzuwa simuona kuseri. Wolemera ngati oyilo wa mu injini, thovu lofiirira limangobwera pang'ono n'kuzimiririka, mukapendeketsa tambula mowawo umatsetsereka mwaulesi m'mbali.

Tsono apa m'pomwe ambiri amauphonya. Ukangochoka mu fuliji palibe chomwe mumve kupatula kutsekemera ndi ukali wakewo. Usiyeni patebulo utenthereko, kapena fumbatirani tambula m'manja mukucheza, muona fungo la vanila likutuluka, limenelo ndi la thabwa, kenako chokoleti chakuda, khofi wokazinga kwambiri, kashuga kopserera, penanso ka kokonati chapatali. Mukameza bourbon uja amabwera pambuyo kudzatenthetsa pachifuwa, osati kuwotcha kukhosi ayi, kungofunditsa basi. Kuwawa kwa chimera chokazinga ndi komwe kumaupulumutsa, pakanapanda iko bwenzi uli manyuchi enieni.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi kutsekemerako, pofika pakati pa tambula lilime latopa kale, ine ndikanakonda khofi achulukeko. Komanso ukali wake umafika cha m'ma 14 peresenti, pafupifupi katatu mowa wamba, koma sumveka choncho mkamwa, mumangozindukira poyimirira. Botolo la theka la lita gawanani anthu atatu, nokha musayerekeze.

Umatuluka kamodzi pachaka, pa Black Friday, tsiku lija masitolo ku America amatsitsa mitengo mu Novembala, anthu mpaka kukhala pamzere kunja kukuzizira. Mzerewo ine ayi ndithu, koma mowawo ndaupatsa 8 pa 10.