Chakudya cha m'thanki ya makorali ndimakachigula ku supamaketi

Anthu akwathu akamva kuti ndimaweta nsomba m'nyumba kuno ku Durban amaganiza za mbuna za ku Cape Maclear. Zanga ndi za m'madzi amchere: ma clownfish awiri, tang mmodzi, wrasse, ndi makorali angapo (tinyama ta m'nyanja tokhala pamalo amodzi, tooneka ngati miyala kapena zomera) m'thanki ya malita 300. Chakudya chake cha m'masitolo a ziweto, timadulidwe towuma ndi chisanu ta mysis, tinyama tating'onoting'ono tofanana ndi ma prawn, chambiri chimachokera kunja, ndipo mukawerengera pa kilo mtengo wake umaposa wa nsomba yodya anthu kangapo. N'chifukwa chake ndimapanga ndekha.

Ntchito yaikulu imachitikira pa fuliza ya m'sitolo, ndisanalipire. Ndimatembenuza paketi n'kuwerenga zomwe athiramo. Ma prawn ndi calamari (nyama ya squid) ambiri amawaviika mu sodium tripolyphosphate, yomwe pa lebulo imalembedwanso kuti E451, kuti azisunga madzi n'kumalemera pa sikelo. Kwa munthu si vuto, koma m'thanki ndi fetereza weniweni wa ndere, ndipo phosphate ikakwera kwambiri makorali olimba amalephera kumanga mafupa awo bwino. Palinso E223, sodium metabisulphite, yomwe amathira ku ma prawn kuti asade mitu. Paketi yolembedwa zimenezi ndimaibweza. Yothira mchere, adyo, batala kapena yokutira ndi nyenyeswa za buledi sindiigwira n'komwe. Paketi yabwino imakhala ndi mawu amodzi basi pamndandanda wake, dzina la nsombayo.

Maziko anga ndi hake, nsomba ya m'nyanja yamchere ya mnofu woyera. Ndi yotchipa, imapezeka ku Shoprite kapena Checkers iliyonse, ilibe mafuta ambiri, komanso usodzi wake wa matrola kuno ku South Africa uli ndi chiphaso cha MSC, bungwe lotsimikizira usodzi wosamaliza nsomba, kuyambira 2004. Mnzanga wina anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji osangowapatsa usipa?" Usipa wouma mafuta ake amakhala atawonongeka kale ndi dzuwa, mchenga sulephera, ndipo ndi wa banja limodzi ndi carp. Nsomba zambiri za banja limeneli zili ndi thiaminase, chinthu chomwe chimaphwanya vitamini B1 m'chakudya. Nsomba yodya zotere miyezi yambiri imayamba kuwonda, kusambira mozondoka, kenako kufa popanda chilonda chooneka. Anchovy ndi herring nazonso zili nacho. Ma sardine a mu Juni ndi Julayi, omwe amadzaza magombe a KwaZulu-Natal mpaka anthu kumawatunga ndi zidebe, amakopa ndithu, koma mafuta ake amagwetsa thovu la skimmer, makina ochotsa zonyansa m'madzi a m'thanki, kwa maola ambiri. Ndikaikamo ndi kachidutswa chabe.

Muyezo wanga ndi uwu: magalamu 400 a hake, 200 a mussel (tinyama ta m'zigoba ta m'nyanja), 200 a ma prawn osaphika, ndi 100 a calamari. Ma mussel a ku Saldanha Bay ndi amene nsomba zanga zimalimbirana kuposa china chilichonse. Ndimagulanso nori, udzu wa m'nyanja wopangira sushi uja, koma wopanda mchere ndi mafuta, chifukwa tang ndi nsomba yodya zomera.

Chilichonse chimene ndagula chachiwisi chimayamba chagona m'fuliza sabata yathunthu pa madigiri 20 kunsi kwa ziro. Ndi muyezo womwe amatsatira pofuna kupha nyongolotsi mu nsomba zodyedwa zosaphika, ndipo thanki yodzaza makorali simungaithire mankhwala a kopa matenda akalowa, kopayo amapha makoraliwo.

Tsiku lopanga ndimatulutsa zonse kuti zisungunuke pang'ono chabe, mpeni uzilowa koma zikadali zolimba. Ndimasenda ma prawn, kuchotsa kamtsempha kakuda kakumsana, kusenda khungu la hake n'kufufuza minga ndi zala. Kenako ndimatsuka zonse m'sefa ndi madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis), omwewo opangira madzi a m'thanki. Madzi a pampopi ali ndi chlorine ndipo nthawi zina phosphate, ndiye palibe chifukwa chowalowetsera pakhomo lakuseri.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amangoponya zonse mu bulenda n'kuisiya izungulire mpaka kukhala phala. Phala lotere likalowa m'madzi limangochita mtambo, nsomba zimatola pang'ono, zotsalazo zimakawola m'miyala. Ine ndimagawa pawiri. Gawo lalikulu ndimadula ndi mpeni pathabwa mpaka tizidutswa tifike kukula ngati diso la nsomba yaing'ono kwambiri m'thanki. Gawo laling'ono ndi lomwe limapita mu bulenda, ndipo ndimangodina batani kamodzikamodzi kuti likhale lonyenyeka la makorali. Calamari ndimamudula yekha poyamba, chifukwa ndi wotanuka, amakulungika pa mpeni wa bulenda. Nori ndimamunyenya ndi lumo mapepala awiri, n'kuonjezera supuni yaing'ono ya ufa wa ndere ya spirulina ndi madontho a mavitamini a nsomba za m'madzi amchere, omwe ali ndi B1. Ena amathira gelatin kuti chigwirane. Ine sinditero, ma prawn amamata mokwanira.

Fungo lake likhala m'khitchini mpaka madzulo. Tsegulani mawindo, ndipo ngati mumakhala ndi anthu ena m'nyumba auzeniretu.

Zosakanizazo ndimaziika m'timajumbo totseka pakamwa, n'kuzipapatiza kuti zikhale zopyapyala mamilimita 5, mpweya wonse utuluke. Ndimadinda mizere ndi kumbuyo kwa mpeni kuti zikauma ndizingothyola kachidutswa. Pa jumbo lililonse ndimalembapo tsiku. Zikapitirira miyezi itatu kapena inayi mafuta amayamba kuwonongeka ngakhale m'fuliza, ndiye kupanga zambiri nthawi imodzi n'kutaya ndalama.

Podyetsa ndimathyola kachidutswa kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, kusungunula m'kapu ya madzi a m'thanki, kenako kukhuthulira m'kasefa ka tiyi. Madzi otuwa otsala m'kapumo amapita m'sinki, osati m'thanki, chifukwa zambiri zosungunuka zomwe zimadyetsa ndere zili m'menemo. Ndimazimitsa mapampu mphindi 10, n'kuthira pang'onopang'ono, nsomba zimalize zoyamba ndisanaonjezere. Makorali a minofu yambiri monga Acanthastrea ndi Duncanopsammia ndimawapatsa ndi kapaipi kofinya kawiri pa sabata, magetsi a thanki atazima, pomwe amatulutsa timanja tawo. Makorali olimba a Acropora sagwira zidutswa zazikulu, amangopeza zonyenyeka zoyandama.

Mwezi woyamba mutasintha chakudya, yezani madzi sabata iliyonse. Ine ndimafuna phosphate ikhale pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm (mamiligalamu pa lita), nitrate isapitirire 10. Manambala akamakwera ndimayamba ndachepetsa chakudya ndisanaganize zogula mankhwala ochotsera phosphate, ndipo nthawi zambiri zimathera pomwepo. Masiku awiri pa sabata ndimapatsabe ma pellet a m'sitolo, kuti chimene chikusowa m'chakudya changa chipezeke kumeneko.

Magetsi akazima nthawi yaitali, jumbo lopyapyala limasungunuka msanga kuposa nkhuku ili pambali pake. Ndimaika majumbowo pansi penipeni pa fuliza, pakati pa mabotolo a madzi oundana. Ndikapeza kuti lina linafewa n'kuumanso, mizere ija itafufutika, limenelo ndimataya.