Leonard Bernstein, mkulu amene anakana kusankha ntchito imodzi

Pa 14 November 1943 m'mawa, mnyamata wina wa zaka 25 ku New York anamuimbira foni kuti Bruno Walter, mkulu amene amayenera kutsogolera oimba tsikulo, wadwala, ndiye masana omwewo akatsogolere okestra (gulu lalikulu la oimba ndi zida zosiyanasiyana) ya New York Philharmonic ku Carnegie Hall. Nthawi yoyeserera ndi oimbawo kunalibe, komanso konsatiyo imaulutsidwa pa wailesi ya CBS America yonse ikumva. Mnyamatayo anali Leonard Bernstein, wothandizira chabe amene anali atangolembedwa ntchito. Anatsogolera bwino moti mawa lake nkhani yake inali patsamba loyamba la New York Times.

Anabadwa mu 1918 ku Lawrence, Massachusetts. Bambo ake a Samuel anali Myuda wochokera ku Ukraine, anali ndi bizinesi yogulitsa zipangizo za m'masaluni ndipo za nyimbozi sankazifuna ata, kwa iwo woimba anali munthu wovutika basi. Piyano inalowa m'nyumbamo chifukwa azakhali ake a Clara anaisiya kumeneko, iye ali ndi zaka 10, ndipo poti bambo ankaumira ndalama ya aphunzitsi, mnyamatayo anayamba kuphunzitsa ana anzake kuti apeze yolipirira maphunziro ake. Kenako anakaphunzira ku yunivesite ya Harvard, kenako ku sukulu ya nyimbo ya Curtis Institute ku Philadelphia, kenako ku sukulu ya nyimbo ya ku Tanglewood pansi pa Serge Koussevitzky, wotsogolera okestra ya Boston Symphony.

Anthu ena olemba za nyimbo ankamunena kwambiri mkuluyu kuti akugwira zambiri nthawi imodzi, asankhe chimodzi. Poti amatsogolera okestra, amapeka ma symphony (nyimbo zazitali za okestra), mu 1957 anapekanso nyimbo za sewero la West Side Story la ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, nthawi zina amakhala papiyano nkumaimba nyimbo za Ravel kapena Gershwin uku akutsogolera gulu lonse ndi mutu, maso ndi dzanja limene lapeza mpata. Ndiponso akaima kutsogolo amadumpha, thukuta kamukamu, ena nkumati ndi matama. Ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono, munthu yemwe anapeka, naimba yekha, natsogolera anzake ndi amene amaidziwa nyimbo mkati ndi kunja komwe, ndipo nchifukwa chake ankatha kuifotokoza kwa mwana wamng'ono mpaka kumva.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Atakhala mkulu wa New York Philharmonic (1958 mpaka 1969) anachita makonsati a ana otchedwa Young People's Concerts okwana 53 pa TV ya CBS, kuyambira January 1958 mpaka 1972, ndipo ngakhale atasiya udindo uja mapulogalamu a anawa sanawasiye ayi. Holo yodzaza ana, okestra yathunthu kumbuyo kwake, iye nkufunsa funso looneka lophweka ngati loti kodi nyimbo imatanthauza chani, kenako athamangira papiyano aimba kachidutswa, atembenuka auza a vayolini okha kuti tabwerezani pomwepo anawa amve, mwina aimbanso ndi pakamwa nyimbo ya The Beatles pofuna kuonetsa mmene nyimbo imamangidwira, mawu ake okhakhala aja osachita nawo manyazi. Zoyankhulazo amalemba yekha. Ndipo samawapeputsa ana, amawapatsa nyimbo zenizeni za wopeka nyimbo Gustav Mahler, yemwe nthawi imeneyo ngakhale akuluakulu ambiri ankamuona ngati wolemetsa mutu. Bernstein yemweyu ndi amene anajambula ma symphony onse 9 a Mahler m'ma 1960, anthu nkuyamba kumukonda. Mukakhala ndi bandulo sakani mavidiyowa pa YouTube, akalewo alibe mtundu koma simutopa nawo.

Pa Khisimisi ya 1989, khoma la Berlin litangogwa, anatsogolera Symphony No. 9 ya Beethoven ku Berlin komweko ndi oimba ochokera mbali zonse ziwiri za Germany komanso maiko ena. Apa nkuti fodya atamuononga mapapo. Koma mu 1990, akudwala choncho, anapita ku Sapporo ku Japan kukayambitsa Pacific Music Festival yophunzitsa oimba achinyamata, yomwe ikuchitikabe mpaka pano. Konsati yake yomaliza inali pa 19 August ku Tanglewood ndi Boston Symphony, chifuwa chinamugwira pakati pa Symphony No. 7 ya Beethoven koma anamaliza. Anamwalira pa 14 October 1990 ku New York ali ndi zaka 72.